Ndili ndi ana awiri ku Leeds, ndalama yanga ndikaiponye ku mpira kapena ku rugby league?

Funso ili lachokera kwa bambo wina wa kwathu amene pano akukhala ku Leeds, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ali ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 11 ndi mtsikana wa zaka 8. Akuti iwo anakulira mpira, kumudzi ndi a Maule, kuno mtima uli ku Manchester United. Ana akuwavutitsa kuti akaonere gemu ku sitediyamu koma akangoona mitengo ya matikiti mutu umazungulira. Anzawo a kuntchito akuwauza kuti asiye za mpirazo apite ku rugby league, ati ndi yotchipa komanso yokoma kuposa mpira. Ndiye akufunsa kuti kodi zimenezi nzoona, ndalama yawo ikaoneka phindu kuti?

Achimwene, anzanuwo sakunama ayi, koma sanakuuzeni zonse. Ine kuno kumpoto kwa England ndakhalako zaka zambiri ndithu, masitediyamu a masewero onse awiriwa ndalowamo ndi ndalama ya m'thumba mwanga, nthawi zina ndekha nthawi zina nditatenga ana, ndiye ndikuyankhani ngati munthu woti naye amawerengera mashifiti asanagule tikiti. Mukafuna yankho la msangamsanga ndi ili: kwa bambo wa ana awiri wokhala ku Leeds, paundi yanu imagula zambiri ku rugby league kusiyana ndi ku Premier League, ndipo kusiyana kwake si kwapang'ono. Koma pali pena pamene nkhaniyi imakhota, ndiye khalani nane mpaka kumapeto.

Tiyambe ndi kusasokoneza zinthu, chifukwa ambiri a ife tikamva rugby timaganiza ya ma Springboks ija timaiona pa SuperSport, ya anthu 15 mbali iliyonse, yokankhanakankhana mitu ili pansi mpaka woonera kutopa. Imeneyo ndi rugby union. Iyi akukuuzani anzanuyi ndi ina, osewera ndi 13 mbali iliyonse, ndipo inabadwa chifukwa cha nkhani ya ndalama yomweyi mukudandaula inuyo. Pa 29 August 1895 makalabu oposa 20 a kumpoto anakumana ku George Hotel ku Huddersfield, mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pomwe mukukhalapo, n'kugwirizana zotuluka mu bungwe la Rugby Football Union. Chifukwa chake osewera awo anali anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a nsalu, akajomba kuntchito Loweruka kuti akasewere malipiro amadulidwa, ndiye makalabu amafuna aziwabwezera kandalama ka tsiku lotayikalo. Akuluakulu a ku London, anthu a chuma chawo kale, anakana kuti ayi masewero salipidwa. Basi kugawikana kunayambira pamenepo. Mpaka lero mukayang'ana mapu muona kuti matimu ake ambiri andandalikana mu msewu wa M62, kuyambira ku St Helens, Wigan, Warrington, Leigh, kudutsa Huddersfield, Leeds, Wakefield, Castleford mpaka ku Hull. Ndi masewero a anthu ogwira ntchito zamanja ndipo mitengo yake imatsatabe matumba a anthu amenewo, kalabu ya ku Castleford singayerekeze kulipiritsa mtengo wa ku London chifukwa palibe angabwere.

Tsopano pa mitengo. Ligi yaikulu ya rugby league kuno imatchedwa Super League, ndipo tikiti ya munthu wamkulu pa gemu wamba nthawi zambiri imagwa pakati pa £25 ndi £35, kutengera kalabu, malo omwe mwasankha komanso ngati mwagula tsiku lisanafike. Ana amalipira theka kapena kucheperapo, ndipo makalabu ambiri amakhala ndi tikiti ya sizoni yonse ya ana yotsika mtengo kwambiri chifukwa akufuna mwanayo akule ali wawo. Ndiye inu ndi ana awiri mukhoza kulowa ndi ndalama yozungulira £50 kapena £60. Kuchoka m'tauni ya Leeds kupita ku Headingley, bwalo la timu ya rugby league ya Leeds Rhinos, ndi kukwera basi imodzi kapena kasitima ka mphindi zochepa.

Yerekezani ndi kumene kuli mtima wanu. Kumapeto kwa 2024 Manchester United inalengeza kuti matikiti otsala a sizoni imeneyo akhala £66 aliyense, opanda kutsitsira mwana kapena nkhalamba, ndipo masapota anachita zionetsero panja pa Old Trafford. Pa mtengo umenewo anthu atatu ndi £198 musanakwere sitima ya ku Manchester, musanagule chakudya, mwana asanaloze sikafu mu shopu. Tsiku limodzi likhoza kudya ndalama yoposa £250, ndipo kwa munthu wa ntchito ngati yanuyo amenewo ndi mashifiti awiri aatali kapena kuposa. Madandaulo amenewa sanayambe lero. Mu February 2016 masapota a Liverpool masauzande anatuluka mu Anfield pa mphindi ya 77, timu yawo ikutsogola 2-0 pa Sunderland, pokana tikiti ya £77, gemu inatha 2-2 ndipo eni kalabu anabweza ganizo lawo. Chaka chomwecho Premier League inavomera kuti tikiti ya masapota oyenda ndi timu kubwalo la eni isapitirire £30. Zimamveka bwino eti, koma matikiti amenewo ndi ochepa ndipo amapita kwa anthu omwe akhala akutsatira timu kwa zaka, inu wongoyamba kumene simungawanunkhe n'komwe.

Ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri sawerengera. Vuto la mpira wa pamwamba si mtengo wokha, ndi kupeza tikitiyo. Makalabu akuluakulu amafuna muyambe mwalipira umembala wa chaka, wanu ndi wa mwana aliyense, kenako mukhale pa kompyuta pa ola lomwe akugulitsa, ndiye mupeze mipando itatu yoyandikana, zomwe nthawi zambiri sizitheka. Ngakhale pakhomo panu pomwepo, Elland Road imadzadza gemu iliyonse ndipo mndandanda wa anthu odikira tikiti ya sizoni ya Leeds United ndi wautali zedi. Munthu wa mashifiti amene rota yake imatuluka sabata ziwiri zokha zisanafike, zimenezi zimamupweteka. Pamene ku rugby league, kupatula magemu a chimkulirano ngati Wigan ndi St Helens pa Good Friday kapena Hull FC ndi Hull KR, mukhoza kuona Lachitatu kuti Lachisanu muli ofu, n'kugula matikiti atatu pa foni nthawi yomweyo. Kwa ine ichi chokha ndi theka la phindu lonse. Premier League gemu imodzi imakoka anthu pafupifupi 40,000, Super League pafupifupi 10,000, ndiye malo alipo ndipo kalabu imakufunani inuyo, si inu kuipempha.

Nanga mukalowa mukaona chiyani? Apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndalama imatayika ngati munthu wakhala mphindi 80 osamva chomwe chikuchitika. Lamulo lalikulu ndi limodzi, ndipo mwana wa zaka 8 amaligwira msanga kuposa ife akuluakulu. Timu yomwe ili ndi mpira ili ndi mwayi wogwetsedwa ka 6 basi. Wosewera akagwidwa n'kugwetsedwa, amadzuka msanga, kuika mpira pansi n'kuukankhira kumbuyo ndi phazi kwa mnzake, pomwe otchinga onse, kupatula awiri oima pamaso pake, akuyenera kubwerera m'mbuyo mamita 10. Akagwetsedwa kachisanu refa amakweza dzanja m'mwamba, ndiye kuti watsala mwayi umodzi, apa ambiri amaumenya ndi phazi kuti ukagwere kutali kapena m'mwamba kuti akaulimbirane pafupi ndi mzere. Akagwetsedwa kachisanu ndi chimodzi mpira wapita kwa adani. Mpira suponyedwa kutsogolo ndi manja, ukakupulumuka n'kugwera kutsogolo walakwa. Kuugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani, chomwe amati try, ndi mapointi 4, kuumenya pakati pa mitengo pambuyo pake ndi 2, penate ndi 2, ndipo kaja amaugwetsa pansi n'kuumenya gemu ili mkati ndi 1. Basi, mwadziwa zokwanira kuti musangalale.

Chomwe chimachititsa kuti ndalama ioneke ngati yagwira ntchito ndi liwiro lake. Mu Premier League, pa mphindi 90 zija ndi zoonjezera, mpira umakhala ukuseweredwa mphindi za m'ma 55 mpaka 58, zina zonse zimathera kuponya mpira wotuluka, kukonza khoma, munthu kugubuduka pansi, kudikira VAR. Ku rugby league munthu akavulala kwambiri kapena refa akafuna kuona kanema wotchi imaimitsidwa, ndipo nthawi ikatha kumalira hutala, palibe zoti refa aonjezera zingati. Kunamizira kuvulala kulibe phindu kwenikweni chifukwa gemu imapitirira iwe uli pansi, adokotala amalowa kudzakuona anzako akuthamangabe. Ndipo 0-0 ndi chinthu choti mwina simudzachiona moyo wanu wonse, kuyambira 2019 Super League inaikanso lamulo loti akafanana mapointi amaonjezera nthawi ndipo woyamba kupeza pointi wapambana. Kwa ana zimenezi ndi zazikulu. Mwana wa zaka 8 mukamutengera ku gemu ya mpira yothera 0-0 kukuzizira, ulendo wachiwiri adzakuuzani kuti atsala kunyumba.

Ndikuuzeni chomwe TV siingakupatseni. Tsiku langa loyamba ndinaima kumunsi kwenikweni, pafupi ndi mpanda, ndipo chomwe chinandidzidzimutsa si chomwe ndinaona koma chomwe ndinamva. Munthu wa makilo oposa 100 akuthamanga molunjika, awiri akumudikira, ndiye kugundana kwakeko kumamveka ngati thumba la chimanga lagwa kuchoka pa lole, mpweya kutuluka m'chifuwa mpaka iwe woonera kugwira pamtima. Ndinaganiza kuti ameneyu sadzukanso. Masekondi atatu sanathe, wadzuka, wakankhira mpira kumbuyo, wabwerera pamzere. Ndipo umamva refa akukuwa kuwerenga, umamva osewera akuitanana maina, thukuta likuoneka kutuluka nthunzi usiku wozizira. Kamtsikana kena kanali pambali panga ndi agogo ake, kakuwerenga ndi zala kugwetsedwa kulikonse, kakafika pa chala chachisanu kamakuwa limodzi ndi gulu lonse. Ku mpira wa pamwamba, ndi tikiti yotchipitsitsa, nthawi zambiri mumakhala kumwamba kwenikweni osewera akuoneka ngati nyerere.

Pali zinanso zing'onozing'ono zomwe zimasiyanitsa tsikulo. Ku Headingley mbali yotchedwa South Stand ili ndi malo oimirira, kuli ng'oma ndi malipenga, ndipo amene munazolowera phokoso la pa Kamuzu Stadium tsiku la Maule ndi Manoma mudzamva kuti mwafika penapake podziwika. Ku mpira, pambuyo pa ngozi ya ku Hillsborough mu 1989, masitediyamu a maligi awiri apamwamba anakakamizidwa kuika mipando paliponse, ndipo ndi posachedwapa pomwe ayambanso kulola malo ena oimirira. Komanso lamulo la 1985 limaletsa kumwa mowa pamalo poti ukuona bwalo ku mpira wa maligi apamwamba, pamene ku rugby league munthu amakhala ndi kapu yake m'manja gemu ili mkati. Izi zili ndi mbali ziwiri, ndisakunamizeni. Zimasonyeza kuti chiwawa n'chochepa, masapota a matimu awiri amayenda msewu umodzi, amakwera sitima imodzi, nthawi zambiri opanda mzere wa apolisi pakati. Koma zimatanthauzanso kuti chakumapeto kwa gemu pamakhala ena oti alawa kwambiri ndipo pakamwa pawo sipabwino. Ndiye pogula matikiti funsani mbali ya mabanja, makalabu ambiri ali nayo.

Gemu ikatha musathamangire basi. Osewera amazungulira bwalo kuombera m'manja masapota, ambiri amaima pa mpanda kujambulitsa ndi ana ndi kusaina majezi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Super League ili ndi malire a ndalama zomwe kalabu ingalipire osewera ake, kwa zaka zingapo malirewo akhala pa £2.1 miliyoni pa chaka kwa timu yonse, kupatulapo osewera ochepa otchuka omwe malamulo amawalola padera. Mu Premier League muli anthu olandira £300,000 pa sabata, ndiye kuti munthu mmodzi pa sabata 7 wadya bajeti ya chaka ya timu yathunthu ya rugby league. Osewera a rugby league ambiri amakhala m'madera omwewo ndi masapota awo, mumakumana nawo mu shopu, ana awo ali sukulu zomwezi. Mwana wanu kugwirana chanza ndi munthu yemwe wangomuona akugoletsa, zimenezo ku Old Trafford simungazigule ngakhale mutalipira £66 kawiri.

Poti muli ku Leeds, anawo adzamva dzina la Rob Burrow, mwina alimva kale kusukulu. Anali wamfupi, masentimita 165 okha, pakati pa zimphona, koma anapambana Grand Final, fainolo ya Super League, ka 8 ndi Leeds Rhinos. Anadwala matenda ofooketsa minyewa otchedwa MND, ndipo mnzake Kevin Sinfield anathamanga mitunda yosaneneka kusonkhetsa mamiliyoni a mapaundi othandizira odwala matendawa. Mu May 2023 pa mpikisano wothamanga wa mu Leeds, Sinfield anamukankha pa njinga ya olumala ulendo wonse, pofika kumapeto anamunyamula m'manja n'kudutsa naye mzere pa Headingley pomwepo. Burrow anamwalira mu June 2024. Mukalowa m'bwalo limenelo mukulowa m'nyumba ya anthu amene nkhani imeneyi ndi yawo, ndipo muona jezi ya nambala 7 paliponse.

Mwina mukudzifunsa chomwe ambiri a ife timadzifunsa tisanapite malo achilendo, kuti kodi munthu wakuda akalandiridwa bwanji kumeneko. Sindinganene kuti kulibe wopusa ngakhale mmodzi, anthu otero amapezeka paliponse. Koma mbiri ya masewerowa pa nkhani imeneyi ndi yoti munthu ukhoza kuinyadira. Clive Sullivan anali kaputeni wa Great Britain pomwe anatenga World Cup mu 1972, munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya dziko la Britain pa masewero alionse, ndipo msewu waukulu wolowera mu Hull umatchedwa Clive Sullivan Way. Billy Boston, yemwe anachoka ku Cardiff kudzakhala nthano ku Wigan, ali ndi chipilala chake m'tauni imeneyo ndipo mu 2025 anapatsidwa ulemu wa Sir, woyamba m'mbiri yonse ya rugby league. Palinso Ellery Hanley ndi Martin Offiah amene makolo a anzawo a ana anu amawatchula ndi ulemu. Ana anu sakakhala oyamba.

Tsopano mbali ina ija ndinanena kuti nkhani imakhota. Anzanu a kuntchito akuyerekeza rugby league ndi Premier League, ndipo pamenepo apambana mosavuta. Koma mpira ku England si Premier League yokha. Mukatsika ku Championship, League One, League Two, mitengo ya matikiti imafanana ndithu ndi ya Super League, pena kutsikirapo. Bradford City, yomwe ili pafupi nanu, yadziwika kwa zaka zambiri ndi matikiti a sizoni otchipa ndipo imakoka chikhamu chachikulu. Huddersfield Town, Barnsley, Harrogate Town, onsewa ndi ulendo waufupi pa sitima. Mukatsikanso kumatimu a m'madera ngati Guiseley ndiye ndalama yake ndi yochepa kwambiri ndipo mumaima pa mpanda penipeni ngati ku rugby konkuja. Komanso tikiti ya sizoni ya mpira mu maligi atatu amenewa imakupatsani magemu 23 a pakhomo, ya Premier League 19, pomwe ya Super League ndi magemu 13 kapena pamenepo, ndiye mukagawa mtengo pa gemu iliyonse kusiyana kumachepa. Chomwe rugby league ikupambanabe n'choti pa mtengo wa mpira wa ligi yachiwiri kapena yachitatu mukuona ligi yapamwamba, osewera a timu ya dziko, anthu ena abwino kwambiri pa masewerowa kunja kwa Australia. Wigan ya 2024 inatenga zikho zonse zinayi, kuphatikizapo kugonjetsa Penrith Panthers, akatswiri a ku Australia, 16-12, ndipo timu imeneyo mukanaiona pa Headingley ndi mtengo womwe ndatchula uja.

Zofooka zake ziliponso ndipo ndi bwino muzidziwe musanatulutse khadi. Magemu ena amakhala a mbali imodzi, timu yamphamvu ikakumana ndi yofooka zimatha 50-6 ndipo pofika hafu taimu nkhani yatha. Mu mpira timu yaing'ono ikhoza kutseka kumbuyo n'kuba chigoli chimodzi, mu rugby league thupi likatopa palibe pobisala. Kuyambira pomwe Super League inayamba mu 1996 mpaka 2024, matimu anayi okha ndi omwe anatengapo ligi, Wigan, St Helens, Leeds ndi Bradford, mpaka Hull KR inadzathyola mwambowo mu 2025 pogonjetsa Wigan 24-6 pa Old Trafford. Chinanso, kukwera ndi kutsika ligi sikukutengeranso malo omwe timu yathera okha, pano amapereka magiredi poona zinthu ngati chuma cha kalabu, bwalo ndi kuchuluka kwa masapota, ndiye mantha aja a kumapeto kwa sizoni oti titsika, omwe amakometsa mpira, kuno achepa. Ndalama m'makalabu ena ndi yovuta, Salford Red Devils inavutika chaka chonse cha 2025, osewera kuthawa malipiro akuchedwa, masapota omwe anagula matikiti a sizoni n'kumaona timu ya achinyamata ikukwapulidwa sabata ndi sabata. Ndipo chifukwa cha TV magemu ena amaikidwa Lachinayi usiku 8 koloko, mawa lake ana ali ndi sukulu.

Koma chachikulu pa zonse ndi mtima, ndipo ichi sindingakuwerengereni pa kakyuleta. Inu mwakhala mukutsatira Manchester United kuyambira muli mnyamata, mwina munkalipira kandalama pakhomo la vidiyo sho kuti muone gemu mutakhala pa benchi. Tsiku lomwe mudzakwere masitepe a Old Trafford n'kuona udzu uja ndi maso anu, £66 ija simudzaikumbuka. Chigoli chimodzi cha timu yomwe umaikonda chimalemera kuposa ma try 10 a timu yomwe sukuidziwa. Ndiye sindingakuuzeni kuti rugby league ilowe m'malo mwa mpira mumtima mwanu, sizingatheke ndipo palibe chifukwa. Koma ana anu nkhani yawo ndi ina. Iwo akukulira ku Leeds, anzawo a m'kalasi ena amavala jezi ya Rhinos, ndipo chomwe akupempha kwenikweni ndi kupita ku sitediyamu ndi bambo awo, kukuwa, kudya chipisi, kubwera ndi nkhani yokauza anzawo Lolemba. Chimenecho mukhoza kuwapatsa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa chaka ku Headingley ndi ndalama yomwe ku Manchester ikanathera ulendo umodzi kapena awiri.

Ubwino wina ndi woti masizoni ake sagundana kwambiri. Kuyambira 1996 rugby league imaseweredwa nyengo yotentha, pano kuyambira February mpaka October, ndiye miyezi ya June ndi July pomwe mpira uli pa tchuthi, dzuwa likulowa mochedwa, ana atsala pang'ono kutsekera, rugby ili pakati penipeni. Ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Musagule tikiti ya sizoni chaka choyamba, ngakhale akuuzeni kuti ndi yotchipa bwanji. Yambani mwaonera gemu imodzi kapena ziwiri kunyumba, BBC imaonetsa kapu ya rugby league yotchedwa Challenge Cup ndi magemu ena a Super League popanda kulipira china kupatula laisensi ya TV ija, muwerenge limodzi ndi ana kugwetsedwa ka 6 kuja mpaka muzolowere. Kenako sankhani magemu atatu, osati imodzi, chifukwa yoyamba mumangodabwa, yachiwiri mumayamba kuona chifukwa chomwe akumenyera mpira pamenepo, yachitatu ndi pomwe mumadziwa ngati zakulowani. Sankhani adani amphamvu, Wigan, St Helens, Hull KR, kapena oyandikana nawo ngati Castleford ndi Wakefield pomwe pamakhala mkangano wa pachibale. Mukaona kuti ana ayamba kufunsa okha kuti gemu ina ili liti, apo ndiye muwagulire tikiti ya sizoni ya ana, inu muzigula yanu gemu ndi gemu malinga ndi rota.

Ndalama yomwe mwapulumutsa muisunge ya ulendo umodzi wa ku Old Trafford, ndipo yang'anani magemu a makapu kumayambiriro kwa mpikisano, pakati pa sabata, chifukwa ndi pomwe matikiti amapezekako ndipo nthawi zina mtengo umatsika. Palinso njira ina yolowera bwalo lomwelo imene ambiri a kwathu saidziwa. Grand Final ya Super League imachitikira pa Old Trafford, kawirikawiri mwezi wa October, kuyambira 1998, kupatula 2020 nthawi ya Covid, matikiti ake amagulitsidwa kwa aliyense popanda umembala, ndipo mukagula msanga otsika mtengo amakhalapo. Mudzakhala mu sitediyamu ya timu yanu, usiku, anthu oposa 60,000, masapota a matimu osiyanasiyana atasakanikirana ndi majezi awo. Palinso Magic Weekend, pomwe matimu amasonkhana bwalo limodzi ndipo tikiti ya tsiku limodzi imakuonetsani magemu angapo motsatizana, ngakhale kwa mwana wa zaka 8 tsiku limenelo limatalika, mwina mudikire chaka chamawa.

Za chakudya musadzivutitse, mkati mwa sitediyamu iliyonse, ya mpira kaya ya rugby, payi ndi chakumwa zimadula, ndiye adyetseni nsima kunyumba musananyamuke, mkatimo mungowagulira chipisi chimodzi chogawana. Mukapita miyezi ya February kapena March valani majekete enieni ndi masokosi awiriawiri chifukwa simenti ya malo oimirira imalowetsa chisanu kumapazi. Fikani patatsala mphindi 40 kuti mtsikanayo apeze malo kutsogolo pa mpanda, apo ayi adzangoona misana ya anthu. Ndipo hutala ikalira musatuluke, dikirani mphindi 10 pomwepo ndi foni m'manja, osewera akubwera mbali yanu.